Nyali ya pa Goa ndi njira yocokera kwathu

Abale ndi alongo amene mutsogolera makalasi a kuwerenga ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba, nkhani ya mwezi uno yacokera pa cithunzi cimodzi cimene cinatigwetsa ulesi m'kalasi. Cilimwe cathaci ena a ife tinapita ku nyanja ya mcere, ku cisumbu ca Moçambique, ndipo kumeneko tinajambula nsanja ya nyali imene pa Cipwitikizi amati farol. Titabwerako tinakaonetsa cithunzico ku kalasi ya ku Mitande, tili ndi cimwemwe ngati alenje obwera ndi nyama. Mai wina anati ndi mzikiti. Mnzao anati ai, ndi thanki la madzi la pa siteshoni. Titalongosola kuti ndi nyali younikira zombo usiku, mkulu wina wa imvi, amene wayamba kugwira pensulo caka catha comweci, anatifunsa kuti: "Nanga inkaunikira yani? Makolo athu popita kumbwani anaiona?"

Tinangoti kukamwa yasa. Zithunzi tinali nazo zambiri, koma yankho tinalibe. Tsono zimene tilemba panozi ndi zimene tinakafufuza pambuyo pa funso limenelo, kuti inu mukafunsidwa musadzacite manyazi ngati ife.

Ulendo wace

Kucokera ku Cuamba tinakwera komboyo ya ku Nampula mbandakuca, ulendo wa makilomita pafupifupi 350, kudzera pa Mutuali, Malema, Iapala ndi Ribáuè. Amene munayendapo mukudziwa m'mene amai a pa Malema amakwezera anyezi ndi nthoci pa mazenera. Pa Nampula tinagona, m'mawa n'kukwera shapa kudzera pa Namialo ndi Monapo mpaka pa mlatho wopapatiza wolowera pa cisumbu. Mlathowo ndi wa makilomita oposa atatu, ndipo unatsegulidwa mu 1967. Kale konse anthu ankaoloka pa ngalawa kucokera ku Lumbo kapena ku Mossuril. Eni dziko, Amakua a kumeneko, cisumbuco amaciti Muhipiti.

Nyaliyo siili pa cisumbu cacikuluco. Ili pa kacisumbu kena kakang'ono kakum'mawa, ka miyala ndi mcenga, kochedwa Goa, makilomita ngati asanu kulowa m'nyanja. Kukafikako mufuna ngalawa ya thanga kapena ya injini, ndiponso mufuna kuleza mtima, cifukwa nyanja ya mcere siili ngati Amaramba kapena Niassa. Madzi ace amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ife a kumtunda tinapangana ndi mwini ngalawa kuti tinyamuke 7 koloko, ndipo nthawiyo itakwana tinapeza ngalawa yakhala pa matope, madzi ali kutali. Tinayamba kung'ung'udza kuti munthuyu watinamiza. Iye anangoseka n'kutiuza kuti tikhale pansi tidikire madzi. Wa koloko tinali ife, wodziwa nyanja anali iye.

Nsanjayo ndi ya makona anai, yomangidwa ndi miyala ndi laimu, ndipo kutalika kwace lero kumapitirira mamita 30. Inayatsidwa koyamba mu 1876, ndipo ndiyo yakale koposa mwa nyali za m'gombe la dziko lathu. Ya ku Macuti, ku Beira, imene ena munaiona pa makalendala, ndi ya 1904.

Ophunzira adzakufunsani cifukwa cace anaimanga yaitali cotero. Yankho lace nlokoma kuliphunzitsa. Dziko ndi lobulungira, ndipo madzi a nyanja amapindika pamodzi nalo. Munthu woimirira pa mcenga amaona nyanja mpaka makilomita asanu okha. Kupitirira apo madzi amabisa ciliconse. Koma nyali yoikidwa mamita 30 m'mwamba ingaoneke kucokera pa makilomita pafupifupi 20, ndipo wokwera pamwamba pa combo amaiona ali patsogolo pace. A ku Cuamba mungapereke citsanzo ca phiri la Mitucué: wobwera kucokera kutali amayamba waona nsonga, tsinde pambuyo.

Cina ndi ici. Nyali ya parafini payokha simapita patali, cifukwa kuwala kwace kumamwazikira mbali zonse. Mfalansa wina, Augustin Fresnel, anapanga galasi la mizere yozungulira losonkhanitsa kuwala konse kuti kutuluke ngati muvi umodzi, ndipo galasi lotere linaikidwa koyamba pa nsanja ya Cordouan ku France mu 1823. Kuyambira pamenepo nsanja zambiri pa dziko zinatsata njira imeneyi. Ndipo nyali iliyonse ili ndi kaphethiridwe kace: ina imaphethira kawiri n'kupuma, ina katatu, ina ndi yofiira, ina yoyera. Woyendetsa combo amawerenga kuphethirako ndi koloko m'manja, n'kutsegula buku lace la nyali, ndipo amadziwa kuti gombe ili ndi la Moçambique, si la Angoche. Masana amazindikira nsanja ndi maonekedwe ndi utoto wace. Tinaona kuti ophunzira a ku Mitande anaikonda mfundo imeneyi, pakuti kusiyanitsa nyali ndi nyali sikusiyana kwenikweni ndi kusiyanitsa b ndi d, nchito imene imawatulutsa thukuta Laciwiri lililonse. Musaifanizire ndi nyali za asodzi a usipa a ku Meponda. Zija zimaitana nsomba kuti zibwere pafupi. Iyi imauza combo kuti pano pali miyala, khala patali, khomo lili uko.

Nyali isanayake

Tibwere tsopano ku funso la mkulu uja. Njira yocokera ku mapiri athu kupita kumbwani ndi yakale kwambiri kuposa nyaliyo. M'zaka za m'ma 1700 maulendo a Ayao ankafika ku Mossuril, ku tsidya la cisumbu, atasenza minyanga ya njobvu, ndipo pobwerera ankasenza nsalu, mikanda ndi mcere. Pa nthawi imeneyo minyanga yambiri yotuluka pa doko la Moçambique inkabwera pa mapewa a Ayao. Amalonda a ku India ndiwo ankaigula kwambiri. Ulendo unali wa milungu yambiri wapansi, kudutsa m'dziko la Alomwe ndi Amakua, ndipo mfumu iliyonse ya m'njira inkafuna yace. Sikuti maulendo onse ankapita kumeneko ai. Ambiri, makamaka a kumpoto, ankalowera ku Kilwa, ena ku Ibo, ena ku Quelimane. Yohanna Abdallah, wansembe wa Ciyao, analemba za maulendo a kumbwani m'buku lace Chiikala cha Wayao la 1919, ndipo wa inu amene angalipeze aliwerenge pamodzi ndi okalamba.

Anthu amenewa nyali ya pa Goa sanaione, cifukwa kunalibe. Cimene anaona ndi linga la São Sebastião, limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1558, ndi kachalichi kakang'ono ka Nossa Senhora do Baluarte ka 1522 kuseri kwace. Kacisumbu ka Goa kanali ka miyala cabe, ngakhale kuti oyenda panyanja ankakadziwa kale. Vasco da Gama anaima cakumeneko mu 1498.

Kenaka katundu anasintha. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ogula anayamba kufuna anthu, oti akalime nzimbe pa zisumbu za Afalansa ndi ku Brazil. Njira yomwe ija ya minyanga inakhala njira ya magoli. Pa cisumbu ca Moçambique pali malo okumbukira zimenezi, ochedwa Jardim da Memória, pamene panali nyumba yosungiramo katundu m'mphepete mwa madzi. Ife tinapitako tsiku lomaliza, mothamanga, ndipo tinajambula zithunzi ziwiri zokha, pamene nsanja tinaijambula kosawerengeka. Pano tikuona kuti tinalakwitsa muyeso.

Tikuuzeni za combo cimodzi cokha, kuti nkhani ikhale ndi nkhope. Mu Disembala 1794 combo ca Apwitikizi cochedwa São José cinanyamuka pa cisumbu ca Moçambique ndi akapolo oposa 400, kupita ku Maranhão, ku Brazil. Pa 27 Disembala cinagunda miyala pafupi ndi Cape Town, pa malo amene lero amati Clifton. Oyendetsa anapulumuka. Mwa akapolowo oposa 200 anamira, ndipo otsalawo anagulitsidwa komweko. Zotsalira za comboco zinazindikiridwa ndi kulengezedwa mu 2015, ndipo caka comweco dothi locokera ku Mossuril linathiridwa m'madzi pamalopo pokumbukira akufawo. Maina ao sanalembedwe. Kwao kwenikweni kwa aliyense sikunalembedwe. Koma tikudziwa njira zimene zinkathera pa Mossuril, ndipo ina mwa izo inkacokera kuno.

Makilomita ocepa kucokera pamene comboco cinasweka pali nsanja ya nyali ya Green Point, ya mizere yofiira ndi yoyera yopendekeka. Inayatsidwa mu 1824, patapita zaka 30. Ana athu amene ali ku Joni ndi ku Cape Town amakonda kujambulitsa pa malo otere n'kutumiza pa foni. Cithunzi cotero cikafika kwa wophunzira wanu, mwapeza phunziro lathunthu popanda kugula buku.

Caka ca 1876

Nanga cinacitika n'ciani kuti nyali iyake mu 1876, Apwitikizi atakhala kale pa cisumbuco zaka zoposa 350 opanda nsanja yotere? Mu 1869 ngalande ya Suez inatsegulidwa ku Egypt, ndipo sitima za nthunzi zocokera ku Ulaya zinayamba kuculuka m'gombe la kum'mawa kwa Afrika. Combo ca matanga cimayenda ndi nyengo ya mphepo, ndipo cikafika usiku cimadikira kunja mpaka kuce. Sitima ya nthunzi yonyamula makalata imayenda ndi kalendala. Kudikira kwa iyo ndi kutaya ndalama. Cisumbu ca Moçambique cinali likulu la dziko pa nthawiyo, ndipo likulu silingakhale ndi khomo la mdima. Tsono yankho loyamba kwa mkulu wa ku Mitande ndi lakuti nyaliyo inkaunikira sitima za boma ndi za makampani.

Yankho laciwiri nlowawa. Lamulo loletsa kutulutsa akapolo linalembedwa ku Lisboa mu 1836, ndipo lothetsa ukapolo m'maiko a Apwitikizi mu 1869. Pa pepala malondawo anali atatha nyaliyo isanayake. Koma m'mitsinje ya m'gombe, ku Sancul, ku Quitangonha ndi ku Angoche, ngalawa zinapitiriza kutulutsa anthu mobisa kupita ku Madagascar ndi ku Comores mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Angoche anagonjetsedwa mu 1910, ndipo Mwembe, mudzi wa Mataka, mu 1912. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 30 nyali ya pa Goa inkayaka usiku uliwonse, pamene kumwera ndi kumpoto kwace ngalawa zopanda nyali zinkatuluka m'nkhalango za m'madzi ndi ana a anthu. Ngati alipo wa kwathu amene anaiona m'zaka zimenezo, anaiona ili kutali, ikucepa kumbuyo kwace.

Pano tikucenjezeni, inu atsogoleri. M'kalasi mwanu mukhala zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, pa benchi limodzi, ndipo ena ndi zidzukulu za onse awiri. Pali Ayao, Amakua, Alomwe ndi Anyanja, Asilamu ndi Akhristu. Nkhani imeneyi ikangokhotera ku "mtundu wanu ndiwo unacita", mawa mupeza theka la kalasi lokha. Ife tinaona kuti nkwabwino kuyamba ndi njira, osati ndi mitundu: mtsinje uti ankaoloka, phiri liti ankagonapo, mtengo wa mango uja wa pa mudzi wakale unabwera ndi yani. Okalamba akayamba kuchula malo, zina zija amazinena okha, m'mau ao, ndi pa nthawi yao. Ndiponso musaiwale kunena kuti ogula, eni zombo ndi eni minda ya nzimbe sanali a kuno.

Nyaliyo sinakhale pa ulemu wace nthawi yaitali. Mu 1898 likulu linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Dziko lathu lino, kumpoto kwa Lúrio, linali m'manja mwa Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo kampaniyo inkayang'ana ku doko lace la Porto Amélia, Pemba wa lero. Njanji itayamba kumangidwa inayambira pa Lumbo, moyang'anana ndi cisumbu, koma madzi a pamenepo ndi osazama, ndipo katundu ankafunika kumutsitsira m'mabwato. Doko la Nacala, la madzi akuya, litatsegulidwa mu 1951, zombo zazikulu zinalowera kumeneko. Njanji inafika ku Cuamba ca m'ma 1950, tauni imene atsamunda anadzaicha Nova Freixo. Inafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, mu 1969, kudzera pa Mitande ndi Itepela. Ndipo mu 1970 inalumikizana ndi ya ku Malawi pa Entre Lagos. Thonje lolimidwa mokakamiza lija, limene agogo athu akalichula amayamba apukusa mutu, linatsata njanji imeneyi. Apa ndiye simusowa mboni. Alipo m'midzi mwanu amene anakumba nao njirayo pa cibalo, kapena amene atate ao anakumba. Nkhondo inaononga njanjiyo, mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo cigawo ca Cuamba mpaka Lichinga cinatsegulidwanso mu 2016. Cisumbu cija cinalembedwa ndi UNESCO mu 1991 pa mndandanda wa cuma ca anthu a dziko lonse, ndipo amene amapita ku Goa masiku ano ambiri ndi alendo a makamera ngati ife.

Za zithunzizo

Ena a inu mumapita ku gombe, ku misonkhano ya ku Nampula kapena kukaona abale ku Nacala ndi ku Pemba, ndipo pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula. Kale, pa nthawi ya filimu ya zithunzi 36, munthu ankaganiza kawiri asanadine, ndipo ankadikira milungu kuti aone cimene watenga. Lero timadina ngati tikuwaza mapira, ndipo zokolola zace n'zocepa. Zithunzi zathu za pa Goa zonse zinali za nsanja yokha ndi thambo. Palibe ngakhale cimodzi cimene munthu anaima pafupi kuti ukulu wace uoneke, ndiye cifukwa cace mai uja anati thanki. Ikanipo munthu. Bwererani m'mbuyo kuti madzi, miyala ndi ngalawa zilowe, pakuti nsanja yopanda nyanja ndi cipilala cabe. Mukakwera pamwamba, musangojambula kum'mawa kumene kuli madzi okhaokha. Tembenukani kumadzulo, kumene kukuoneka linga, cisumbu, ndi gombe la Mossuril kumbuyo kwace. Cithunzi cimeneco ndico cili ndi mbiri yathu, ndipo ife tinabwera opanda, cifukwa foni inatha moto tili pa makwerero.

Kumbukaninso kuti Goa ali kum'mawa kwa cisumbu. Wopita m'mawa amayang'anana ndi dzuwa, ndipo nsanja imatuluka yakuda bii. Dikirani mufike, muizungulire dzuwa likhale kumsana. Asodzi ndi amai otola nkhono musawajambule musanapemphe, monga inunso simungakonde mlendo akujambulani muli pa mtondo. Pa madoko ndi pa malo a asilikali funsani kaye kwa olondera.

Cofunika koposa ncosabvuta. Sankhani cithunzi cimodzi, mucisindikize pa pepala ku Cuamba kapena ku Mandimba, cifukwa ca m'foni cimapita pamodzi ndi foniyo ikagwa m'citsime. Kumbuyo kwace lembani dzina la malo, tsiku, ndi amene anajambula. M'mabokosi a ma mishoni athu muli zithunzi zakale zambiri zopanda liu limodzi kumbuyo, ndipo amene akanatiuza kuti uyu ndi yani anagona kale.

Mau a pansi pa cithunzi musalembe inu. Alembe ophunzira. Ku Mitande tinabwererako patapita milungu itatu ndi zonse talembazi, ndipo tinayamba ndi mau afupi pa bolodi: nyali, nyanja, njira, njanji. Mau anai amenewa ali ndi ny ndi nj, zimene ambiri amazisokoneza, tsono phunziro la zilembo ndi la mbiri linayenda pamodzi. Pa nambala tinacotsera 1876 pa caka cino kuti tipeze zaka za nsanjayo, kenaka 1836 pa 1910, kuti aone zaka 74 za pakati pa lamulo la ku Lisboa ndi kugwa kwa Angoche. Mai uja wa mzikiti ndiye anapeza yankho poyamba, powerenga ndi njere za cimanga.

Mkulu wa funso uja anamvetsera zonse osanena kanthu. Pomaliza anatiuza kuti agogo ace aamuna anali ndi cigoba ca nkhono ya kunyanja ya mcere cimene ankasunga m'thumba la cikopa, ndipo ankati anacitenga kwa atate ao amene anapita kumbwani kawiri, ulendo wacitatu osabwerako. Cigobaco cinapsa ndi nyumba pa nthawi ya nkhondo, banja litathawira ku Chiponde. Anachula mitsinje itatu imene agogowo ankaichula, ndipo tinailemba m'kope la kalasi momwe anainenera. Mtsogoleri wa ku Itepela walonjeza kukafunsa okalamba a kwao ngati maina amenewo akuwadziwa, ndipo a ku Cuamba tikupemphani mufunse a ku mbali ya Lúrio, kuti tione ngati njirayo ingalumikizike pa mapu. Zimene mupeze tumizani kudzera kwa oyang'anira makalasi a dera lanu mvula isanatseke miseu.

Cithunzi cija capacikidwa pa khoma la kalasi ya ku Mitande, pafupi ndi zenera. Pansi pace mkuluyo analemba yekha ndi pensulo, ndipo zinamutengera pafupifupi theka la ora: "Nyali ya kumbwani, 1876. Agogo sanaione." Liu la nyali analilemba ndi nj, n'kufufuta ndi cala, n'kulembanso.